Vortex Diamondback HD 8x42 poonera mbalame pa gombe la Senga Bay

Ma binoculars (magalasi oonera kutali) ambiri amene anthu amapita nawo kunyanja amawonongeka ndi zinthu ziwiri: mchenga wolowa m'kagudumu ka pakati, ndi chuku chomera m'kati mwa magalasi dzinja likamatha. N'chifukwa chake poyeza Vortex Diamondback HD 8x42 ngati chida choonera mbalame za m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, choyamba kuona n'chakuti ipirira bwanji gombe ngati la Senga Bay ku Salima pakati pa Okutobala ndi Malichi. Iyi ndi miyezi imene mchenga umawotcha mapazi, mpweya umakhala wonyowa, ndipo mbalame zothawa chisanu ku Ulaya ndi ku Asia zimakhala zitafika m'mphepete mwa madzi. Pa kupirira, Diamondback imakhoza bwino kwambiri. Pa kaonekedwe ka chithunzi ili ndi zofooka zake, ndipo gombe loyang'ana kum'mawa ngati limeneli limaziika poyera.

Kampani ya Vortex Optics ili ku Wisconsin, m'dziko la America. Manambala a 8x42 akutanthauza kuti chinthu chimakokeredwa pafupi maulendo 8, ndipo galasi lililonse la kutsogolo ndi la mamilimita 42. Mbalame imene ili pa mamita 80 mumaiona ngati ili pa mamita 10. Chipangizochi chimalemera magalamu pafupifupi 620. Pa mtunda wa mamita 1,000 chimaonetsa dera la mamita 131 m'lifupi, ndipo chimatha kuonetsa bwinobwino chinthu chimene chili pa mita imodzi ndi theka kuchokera pomwe mwaima. M'bokosi mumapezamo lamba wa m'khosi, zivundikiro za magalasi a kutsogolo zomangirira ku thupi lake, chivundikiro cha magalasi a kumaso, kansalu kopukutira, ndi kachikwama kovala pachifuwa kotchedwa GlassPak.

Ambiri pogula amathamangira 10x42 poganiza kuti kunyanja chilichonse chili kutali. Pa gombe maganizo amenewa amagwiritsa munthu fuwa la moto. Diamondback ya 10x42 imaonetsa mamita 110 okha pomwe inzakeyi ikuonetsa 131, ndipo chithunzi chikamakula, kunjenjemera kwa manja nakonso kumakula. Mwaima pa mchenga wotitimira, mpoto ukuwomba, kapena muli m'boti logwedezeka popita ku chilumba cha Namalenje: zikatero, chimene mwapindula pokulitsa chithunzi chathera m'kugwedera. Mbalame za pagombe nazo sizikhazikika. Zimathamanga, kuima, kuthamanganso, kenako n'kuuluka motsika pamwamba pa madzi, ndipo dera loonera likachepa mumangozitaya. Palinso nkhani ya kuwala. Mukagawa 42 ndi 8 mupeza mamilimita 5.25, womwe ndi ukulu wa kadontho ka kuwala kofika m'diso mwanu. Pa 10x42 kadonthoka ndi ka mamilimita 4.2. M'bandakucha, mwanadiso atatambasuka, kusiyana kumeneku kumaoneka, komanso kadontho kakakulu sikavuta kukalunjika m'diso boti likamavina.

Pomwe Diamondback imabwezera ndalama zanu ndi pa kamatidwe ka thupi lake. Malo onse olumikizira ali ndi timphete ta mphira totsekereza madzi ndi fumbi, ndipo m'kati anachotsamo mpweya wamba n'kuikamo mpweya wouma wa argon. Mvula ya mu Januwale ikakupezani pakati pa gombe, kapena funde likawaza m'boti, palibe chodetsa nkhawa. Chuku chimamera pomwe pali chinyontho, ndiye m'kati mouma chonchi chilibe poyambira. Yerekezani ndi ma binoculars otchipa aja a magalasi ofiira psuu, olembedwa manambala akuluakulu ngati 20x50 pathupi. Amenewo chinyontho chimalowa mosavuta, ndipo pakatha dzinja limodzi kapena awiri mumaona timizere tonga ukonde wa kangaude m'kati mwa galasi, pomwe nsalu singafike. Kufiira kwa magalasi akewo kumasinthanso mitundu, moti miyendo yachikasu ya mbalame imaoneka yobiriwira.

Nthunzi imene ingakuvuteni pa Diamondback ndi ya kunja kokha. Imabwera mukatuluka nayo m'chipinda kapena m'galimoto yoziziritsidwa ndi makina n'kulowa mu mpweya wofunda wa kunyanja: galasi lozizira limagwira madzi a mu mpweya ngati botolo lochoka mu firiji. Musapukute. Itulutseni m'kachikwama, muiike pakhonde mphindi 10 kapena 15 musananyamuke, ndipo nthunziyo ichoka yokha.

Musanapite kugombe muikonzeretu kuti igwirizane ndi maso anu, chifukwa ambiri amene amadandaula kuti ma binoculars akuwapweteketsa mutu amakhala atalumpha ntchito ya mphindi ziwiri imeneyi. Yambani ndi timakapu ta mphira ta kumaso. Ngati simuvala magalasi a maso, tipotokoleni tituluke mpaka pamapeto. Ngati mumavala, tisiyeni tili pansi. Kenako pindani kapena kutambasula mbali ziwirizo mpaka muone bwalo limodzi lopanda mthunzi wakuda m'mbali. Vundikirani galasi la kutsogolo la kumanja, musankhe chinthu cha mizere yooneka bwino pa mamita 30 kapena 40, monga zilembo za pa boti, ndipo mutembenuze kagudumu ka pakati mpaka diso lamanzere liziona ngwee. Sinthani chivundikiro chipite kumanzere, ndipo osakhudzanso kagudumu ka pakati, tembenuzani mphete imene ili pansi pa kakapu ka kumanja mpaka diso lamanja nalo lione ngwee. Gwiritsani ntchito chivundikiro m'malo motsinzina, popeza kutsinzina kumafinya diso n'kusokoneza muyezo. Mphete ya kumanjayi ilibe chokhomera, ndipo apa Vortex akanatha kuchita bwino. Potulutsa ndi kubweza m'kachikwama kangapo imatha kusuntha osazindikira. Ikani kadontho ka penti yopaka zikhadabo pamene yaima kuti muzingoyang'ana n'kubwezera.

Ovala magalasi a maso adziwe kuti Diamondback imalola diso kukhala mamilimita 17 kuchokera ku galasi, zomwe zimakwanira ambiri. Amene magalasi awo ndi ochindikala kapena otalikira kumaso angayese Nikon Monarch M5 8x42, yomwe imalola mamilimita 19.5, ngakhale dera lake loonera ndi lochepa, mamita 112, ndipo kwa mbalame zothamangathamanga kuchepa kumeneku kumamveka.

Gombe la Senga Bay lili pafupifupi makilomita 20 kum'mawa kwa boma la Salima, ndipo dzuwa limatulukira pamadzi. Mu Novembala ndi Disembala limatuluka 5 koloko itangodutsa kumene. Apa m'pamene chofooka choyamba cha Diamondback chimaonekera. Mukaloza cha komwe kuli dzuwa lotsika, kuwala kosokera kumalowa m'machubu n'kuchita ngati kautsi koyera m'munsi mwa chithunzi, ndipo mbalame iliyonse imasanduka chithunzithunzi chakuda. Ma binoculars odula kuposa awa amachepetsa vutoli, koma palibe amene amalithetseratu. Mankhwala ake ndi poimira. M'miyezi imeneyi dzuwa limatuluka chakumwera pang'ono kwa kum'mawa, choncho yambirani kumwera kwa gawo limene mukufuna kuona, muziyenda cholowera kumpoto, mukuyang'ana motsata gombe, dzuwa lili paphewa lanu lamanja. Mukakakamizika kuyang'ana cha kumadzi, phimbani pamwamba pa magalasi a kutsogolo ndi chikhatho kapena chipewa, kautsiko kachepa ndithu. Mbalame za pamadzi penipeni zisiyireni masana kuyambira 3 koloko, dzuwa likakhala kumbuyo kwanu. Ndipo zivute zitani, musaloze dzuwa lenilenilo: kamphindi kochepa n'kokwanira kuwononga diso kosabwereranso.

Kuwala kukakhala kumbuyo, pakati pa chithunzi cha Diamondback m'poyera mokwanira kusiyanitsa mbalame zimene zimasokoneza ngakhale ozolowera. Mbalame zitatu zochokera kumpoto kwa dziko lapansi ndi mayeso abwino. Yomwe mabuku amaitcha Common Sandpiper imayenda yokha m'mphepete mwenimweni mwa madzi, ikugwedeza mchira m'mwamba ndi pansi osalekeza. Pa mamita 40 mumaona bwino kachidutswa koyera kokwera kuchoka pamimba n'kulowa patsogolo pa phiko, ndipo chizindikiro chimenechi n'chokwanira. Ikadzidzimuka imauluka chokwawa pamadzi, mapiko ali chopindikira pansi, ikuwagwedeza modukizadukiza. Wood Sandpiper imakonda matope a m'dambo ndi zithaphwi za kuseri kwa gombe kuposa mchenga. Msana wake ndi wa madonthomadontho, mzere woyera wa pamwamba pa diso umapitirira mpaka kumbuyo kwa diso, miyendo ndi yachikasu chobiriwirako. Common Greenshank ndi yaikulu kuposa ziwirizi, yotuwa, mlomo wautali wopindikira m'mwamba pang'ono, ndipo ikamanyamuka imalira katatu motsatizana, kuyera kwa pamchira kukukwera kumsana ngati nsonga ya mkondo. Kupindika kwa mlomoko n'kochepa kwambiri moti ma binoculars osayera amakubisa, koma pa Diamondback kumaoneka bola mbalameyo ikhale pakati pa bwalo.

Kuti mbalame ikhale pakati pa bwalo n'kofunikadi, chifukwa m'mphepete mwake chithunzi chimafewa. Mbalame imene ili kumapeto kwa dera loonera mumaiona kuti ilipo ndipo ikusuntha, koma madontho a pamsana simungawawerenge. Sivuto lalikulu, poti munthu amatembenukira komwe kuli chinthucho, koma amene akuwerenga gulu la mbalame zotera pa mchenga ayenera kusuntha pang'onopang'ono, gawo ndi gawo.

Chofooka chachiwiri ndi mitundu yonama m'mbali mwa zinthu zoyera. Lozani kakowa ataima pa mwala, madzi akunyezimira kumbuyo kwake, kapena mutu woyera wa nkhwazi pa thambo lowala: m'mphepete mwa nthenga muona kamzere kofiirira mbali imodzi ndi kobiriwira mbali inayo. Zimachitika chifukwa galasi limapinda mitundu ya kuwala mosiyana pang'ono, ndipo siikumana pamalo amodzi. Pakati pa bwalo kamzereka n'kochepa. Kamakula mbalame ikamapita chakumphepete, kapena diso lanu likapanda kulunjika pakati pa galasi la kumaso. Kunyanja, komwe mbalame zoyera ndi zakuda zachuluka, vutoli mukumana nalo tsiku lililonse. Sililepheretsa kuzindikira mtundu wa mbalame. Pa Pied Kingfisher, ija ya mawanga oyera ndi akuda imene imaima m'malere ikukupiza mapiko isanadziponye m'madzi, mumaonabe bwino ngati pachifuwa pali mizere iwiri, kutanthauza yaimuna, kapena umodzi woduka pakati, kutanthauza yaikazi. Koma amene anazolowera magalasi apamwamba adzakaona kamzereka nthawi yomweyo, ndipo mawu akuti HD olembedwa pathupi asakupangitseni kuyembekezera zoposa mtengo wake.

Kagudumu ka pakati n'kofewa bwino ndipo kamayankha msanga. Mungakayese pa nkhwazi imene a maboti amaiitana ndi likhweru n'kuiponyera nsomba: kuchoka pa mtengo kutali mpaka kudzawakha nsomba pafupi ndi boti, chala chimodzi chimakwanitsa kuitsatira. Nkhwazi za bulauni wa mawangamawanga zimene ena amaziyesa mtundu wina ndi ana ake. Zimatenga zaka pafupifupi zisanu kuti mutu uyere mbee. Pa miyala ya ku Namalenje, yomwe yayera ndi zitosi, siyanitsani mphipi ziwiri: yaikulu ya chifuwa choyera, ndi yaing'ono yakuda ya mchira wautali ndi diso lofiira. Diso lofiiralo limaoneka pa mamita 30 dzuwa likakhala bwino. Cha m'ma Malichi yang'anirani White-winged Tern, yomwe miyezi yonse ya m'mbuyomu imakhala yotuwa mosakopa, koma ikamakonzeka kubwerera kumpoto thupi limayamba kuda mawangamawanga mpaka kuderatu bii, mapiko ndi mchira zokha zili zoyera.

Pali malire ena amene sangaikidwe pa mutu wa Diamondback. Pofika 9 koloko m'mawa mchenga umakhala utatentha, mpweya wa pamwamba pake n'kuyamba kuvina. Mbalame imene ili pa mamita 100 imaoneka ngati ili pansi pa madzi oyenda, ndipo chida chokulitsa kwambiri chimangokulitsanso kuvinako. Pamenepa musavutike n'kutembenuza kagudumu. Chokani pa gombe mupite pa mthunzi, m'migwalangwa ndi m'tchire la kumtunda, komwe kumapezeka Collared Palm Thrush ya kamzere kakuda kozungulira kukhosi, kapena m'bango momwe atchete akuluka zisa. Kumeneko kuonetsa chinthu cha pa mita imodzi ndi theka kumathandiza, chifukwa mbalame za m'bango zimatulukira pafupi kwambiri. Ku dambo la Mpatsanjoka, kumpoto kwa Senga Bay, kuli mbalame zambiri za m'madzi, kuphatikizapo African Jacana yoyenda pa masamba oyandama ndi zala zake zazitali, koma kulinso mvuu ndi ng'ona. Pitani ndi munthu wa konko wodziwa njira, ndipo musaime pafupi ndi madzi maso ali m'magalasi, chifukwa munthu woyang'ana m'ma binoculars saona chimene chili pa mapazi ake. Madzi odekha a m'bango ndi momwenso mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, choncho musalowemo pofuna kuyandikira mbalame.

Kuseri kwa gombe, kupitirira pomwe mafunde amalekezera, kuli mitumbira ya mchenga wouma yomera udzu woyanga apo ndi apo. Ambiri amangodutsapo pofuna kukafika kumadzi, koma pa magombe opanda phokoso, kutali ndi madoko a asodzi, apa m'pamene pamakhala White-fronted Plover. Ndi kambalame kochepera chikhatho, ka mtundu wa mchenga weniweniwo, koyera pamphumi ndi pamimba. Kakaima phee simungakaone ndi maso okha. Khalani pansi, zigongono zitsamire pa mawondo, muyendetse ma binoculars pang'onopang'ono motsata mzere wa zinyalala zimene mafunde anasiya. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chimene chimakaulula ndi kathamangidwe kake: miyendo imachita kusaoneka, kenako kaima dzii, kajompha kanthu, kathamanganso. Kamaikira mazira nyanja ikaphwera, m'miyezi ya chilimwe, moti mu Okutobala n'kotheka kupeza mazira kapena anapiye. Chisa chake ndi kadzenje chabe pa mchenga, mazira nthawi zambiri awiri, a madontho ofanana ndi timiyala, ndipo pochokapo kamawakwirira pang'ono ndi mchenga.

Kambalameka kakayamba kukwawa patsogolo panu kakukoka phiko ngati lathyoka, dziwani kuti mwayandikira chisa ndipo kakufuna kukusocheretsani. Bwererani m'mapazi anu omwe, mukuyang'ana pomwe mukuponda, mpaka kasiye kuchita zimenezo. Pa mchenga wa masana kholo limakhala pa mazira powatchingira dzuwa, nthawi zina litanyowetsa nthenga za pamimba kumadzi kuti liwaziziritse, ndiye kulichotsapo kwa mphindi zingapo n'kokwanira kuti mazira apse. Akhwangwala ndi agalu nawo amatsatira pomwe munthu waima nthawi yaitali. Phindu lenileni la 8x42 pamalo ngati amenewa n'lakuti pa mamita 40 kapena 50 mumaona zonse, mpaka mwanapiye wonga kampira ka thonje akubisala pansi pa mayi wake, popanda chifukwa chosendera. Poyenda, tsatani mchenga wonyowa wa m'mphepete mwa madzi, mitumbirayo muidutse pa njira imene anthu anaponda kale.

Kukula kwa gombe kumasintha ndi nyengo. Mu Novembala ndi Disembala nyanja imakhala itatsikitsitsa, mchenga watambasuka, ndipo pa mathiriro a timitsinje pamakhala matope okopa mbalame. Mvula ikakhazikika madzi amayamba kukwera, n'kufika pachimake cha mu Epulo kapena Meyi. Mu 2024 anakwera mpaka kumiza magombe ambiri ku Salima, Nkhotakota ndi Mangochi, ndipo zaka zotere mbalame za pamchenga zimasowa potera. Amene akufuna kuziona zambiri asadikire Febuluwale.

Gombe lathu si malo a mbalame zokha. M'mawa amayi amatsuka mbale ndi kuchapa, anthu amasamba, asodzi amakokera ngalawa kumtunda ndi kuyanika usipa pa mathandala. Ma binoculars olozedwa komwe anthu akusamba amabweretsa mkangano, ndipo olakwa amakhala inuyo. Perekani moni, nenani chimene mukuyang'ana, ndipo mukafika pa doko losambira tsitsani chipangizocho mpaka mutadutsa. Asodzi ndi amene angakuuzeni mtengo umene nkhwazi imagonamo ndi pomwe nantchengwa anamanga chisa chake chachikulu. Ku Senga Bay kulinso malo a asilikali. Kumeneko musaloze n'komwe.

Kachikwama ka GlassPak kamathandiza pa gombe kuposa lamba wa m'khosi. Kulemera kumagawika pa mapewa, chipangizo sichilendewera mukawerama, ndipo mphepo ikanyamula mchenga magalasi amakhala otetezeka. Vuto lake ndi kutentha: pachifuwa pamanyowa thukuta, ndipo kansalu kake kamamwa chinyonthocho. Chivundikiro cha magalasi a kumaso chimangirireni ku lamba, poti magalasi amenewa ndi amene amayang'ana kumwamba n'kumalandira mchenga, thukuta ndi nyenyeswa za chakudya. Zivundikiro za kutsogolo zimagwira ndi timalamba ta mphira timene tingavuke mukamatulutsa mothamanga. Tikankhireni m'kati ndithu pa chubu. Mafuta odziteteza ku dzuwa ndi mankhwala othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET amawononga mphira ndi pulasitiki, choncho sambani m'manja mukadzola musanagwire chipangizocho. Musachisiye kutsogolo kwa galimoto padzuwa, chifukwa kutentha kumafewetsa girisi wa m'kagudumu ndi kukalambitsa timphete totsekereza madzi tija.

Ku America mtengo wake umakhala pakati pa madola 200 ndi 300, ndipo imapezekanso m'masitolo a ku South Africa. Muwerengeretu ndalama yotumizira ndi msonkho wolowetsera katundu. Vortex ili ndi lonjezo lotchedwa VIP Warranty: chipangizo chikawonongeka amakonza kapena kusintha mosayang'ana kuti wagula ndani kapena liti, ndipo safuna lisiti. Lonjezoli silikhudza chobedwa, chotayika kapena chowonongedwa dala. Kwa munthu wa ku Malawi kuno phindu lake limachepa chifukwa chipangizocho chiyenera kutumizidwa kunja, choncho funsani wogulitsayo kuti chikawonongeka chidzadzera kuti. Mukagula chogwiritsidwapo kale ntchito, yang'anani cha kutsogolo mutawalitsa tochi kuti muone ngati m'kati muli fumbi kapena chuku, kenako lozani waya wa magetsi wopingasa n'kutalikitsa maso pang'onopang'ono kuchoka ku magalasi. Wayayo akaoneka wothyoka, mbali ina m'mwamba ina pansi, ndiye kuti chinagwapo ndipo machubu sakuyang'ananso kumodzi. Chimenecho chisiyeni, chidzakupweteketsani mutu pa mphindi zochepa.

Kapukutidwe ndi kamene kamasiyanitsa magalasi okhala zaka khumi ndi okhala chaka chimodzi. Mchenga wa kunyanja uli ndi timiyala tolimba kuposa galasi, ndipo kamchenga kamodzi kokokedwa ndi nsalu kamasiya mzere wosachokanso. Vortex anakuta magalasi a kunja ndi chotetezera chotchedwa ArmorTek, koma nachonso sichingalimbane ndi mchenga wokhulidwa ndi malaya kapena chitenje. Mukabwerako kugombe, zondotsani chipangizocho magalasi ayang'ane pansi, muuzire mchenga ndi kampira kopopera mpweya, kenako musese ndi kaburashi kofewa, makamaka m'mphepete mwa galasi momwe mchenga umabisala. Ngati walowa paliponse, tsanulirani madzi oyera pang'onopang'ono kuchokera m'kapu. Thupi lake limalola zimenezi, bola musagwiritse ntchito paipi ya madzi amphamvu ndiponso musatembenuze kagudumu madzi akuyenda. Tulutsani timakapu ta kumaso mpaka pamapeto kuti madzi atsuke m'mizere yake. Mukamva kukukuta potembenuza kagudumu kapena timakapu, lekani pomwepo, mutsuke kaye, chifukwa kukakamiza kumapera mchengawo n'kuulowetsa m'girisi. Mchenga wonse ukachoka m'pamene mungapumire pa galasi n'kupukuta ndi kansalu kake, kuyambira pakati kupita m'mbali, osatsindika. Kansaluko kasungeni m'kapepala ka pulasitiki kotseka, popeza kakagwa pa mchenga kamodzi kokha kasanduka chokhulira.

Chikauma, musachibwezere m'kachikwama konyowa thukuta. M'kati mwa machubu chuku sichingalowe, koma pa mphira, pa lamba ndi kunja kwa magalasi chimamera ndithu. M'dzinja chiikeni pa shelefu podutsa mphepo, zivundikiro zili chotsegula, kapena m'chigubu chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, tija timapezeka m'mabokosi a nsapato ndi a mankhwala. Timapaketiti timakhuta chinyontho pakapita milungu ingapo. Tiumitseni mu uvuni wofunda pang'ono kwa ola limodzi kapena awiri, tizizire, n'kutibwezeramo.